A Jenereta ndi Kabotolo Kawo

Minibasi ya ana a sukulu inalowa m'ngalande dzuwa likuswa mtengo, pa msewu wowongoka wopanda ndi dzenje lomwe. Mkazi wa adalaivala atamva, anasiya zovala m'beseni n'kuthamanga osavala nsapato, chifukwa mwana wawo wamkazi analinso momwemo.

Anapeza ana akulira m'mbali mwa msewu. Mwamwayi palibe anavulala. Amuna ake, amene dera lonse linkawatchula kuti a Jenereta chifukwa cha mkonono wawo, anali atakhala pansi, manja ali kumutu.

"Abambo, chachitika n'chiyani? Mabuleki?"

Mwana wawo ndi amene anayankha. "Amayi, adadi anagona. Ndinawaitana koma sanamve."

Mayiyo sanamvetse. Munthu wosalawa ndi dontho la mowa, wogona nkhuku zikangolowa, angagone bwanji pa chiwongolero?

Mwini sukulu sanachulutse gaga m'diwa. Analanda makiyi n'kunena kuti a Jenereta asayandikirenso galimotoyo mpaka achipatala anene chimene chikuwavuta.

Kuchipatala, komwe anapita ndi mkazi wawo, bamboyo ankangokana kuti sakudwala. "Ndi mphuno chabe, adokotala. Zimatseka. Koma ndili ndi mankhwala anga." Anatulutsa m'thumba kabotolo ka mankhwala odonthezera m'mphuno, monyadira ngati akuonetsa laisensi.

"Munayamba liti kudontheza?"

"Chaka chatha, nditadwala chimfine. Ndikadontheza zimatseguka. Zikatsekanso ndimadonthezanso."

Adokotalawo anawaunika m'mphuno ndi katochi, n'kupukusa mutu. "Mkatimu mwatupa kwambiri, ndipo chikutupitsa ndi kabotolo komweka. Mankhwala amtundu uwu ndi a masiku ochepa okha. Mukapitiriza, mphuno zimazolowera, ndiye akangotha mphamvu zimatseka kuposa kale."

A Jenereta anakayang'ana kabotoloko kukamwa kuli yasa. Komatu kukamwa kwawo kunkakhala yasa masiku onse, moti palibe amene ankadabwa nako.

"Mphuno si yonunkhizira yokha," anapitiriza adokotala. "Imasefa fumbi, imafunditsa mpweya n'kuunyowetsa usanafike m'mapapo. Mukamapumira m'kamwa, kukhosi kumauma, m'kamwa mumanunkha, mano amawonongeka. Mukakhala maso, mpweya wa okosijeni umakwana ndithu. Vuto limabwera pogona. Mayi, kodi mkonono wa bambowa umaduka pakati?"

Mayiyo anayamba ndi kuseka. "Eee, umaduka! Kumangoti zii, kenako n'kudzidzimuka mwaphokoso. Ine ndimati jenereta yatha mafuta. Ndi nthawi yokhayo imene ndimapezako katulo."

Adokotala sanaseke nawo. "Nthawi imene kwati ziiyo, amuna anu amakhala asakupuma."

"Mwati bwanji?"

"Njira ya mpweya imatsekeka kukhosi. Okosijeni amachepa m'magazi, thupi limawadzutsa kuti apume, iwo osadziwa. Zimachitika mobwerezabwereza mpaka kucha. N'chifukwa chake amadzuka mutu ukuwawa, masana n'kumasinza. Zikapitirira, mtima nawo umavutika ndipo magazi amathamanga kwambiri."

Mayiyo anagwira pakamwa. Anachita mantha, anachitanso manyazi. Miyezi yonseyi ankathokoza bata lija, osadziwa kuti munthu wake akubanika pambali pake. Ndiponso ndi iye yemwe ankakagula timabotoloto, n'kumadzitama kuti amasamala mwamuna.

"Ndiye ine ndimati ndikuthandiza," anatero chapansipansi.

"Simunadziwe, mayi. Ambiri sadziwa. Chachikulu n'chakuti mwabwera."

Adokotala anauza bamboyo kuti kabotolo kaja akasiye. Anawapatsa mankhwala ena ochotsa kutupa, n'kuwaphunzitsa kutsuka m'mphuno ndi madzi owiritsa, ozizira, othira kamchere pang'ono. Anati azigonera chammbali, apewe utsi ndi fumbi m'chipinda, ndipo abwerenso adzawapime. Mkonono ukapitirira kuduka, adzawatumiza kwa akatswiri. Za chiwongolero anati aiwale kaye.

Sabata yoyamba inali yowawa. Mphuno zinatseka kuti gwa, a Jenereta n'kumapempha ngati mwana.

"Mayi, kadontho kamodzi kokha."

"Kali kudzala, abambo. Mukafuna kakakumbeni, koma mukumbukire ngalande ija."

Bamboyo akamva za ngalande ankasiya kupempha. Pang'ono ndi pang'ono mpweya unayamba kudutsa, mutu wa m'mawa unatha, ndipo kusinza masana kunaleka. Atapita kukapimidwanso, adokotala anawalola kubwerera ku ntchito, mwini sukulu n'kubweza makiyi.

M'mawa wa tsiku loyambiranso ntchito, mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda. "Anzanga, bambo anasamuka? Masiku ano sitikuimva jenereta."

"Alipo, asisi. Akupumira m'mphuno tsopano. Koma ndikuuzeni, mphuno zikatseka nthawi yaitali, munthu n'kumapumira m'kamwa, musamangogula mankhwala pagolosale, pitani naye kuchipatala. Ndipo mkonono ukamaduka pakati, si zoseka. Ife tinatsala pang'ono kutaya ana odzaza galimoto, wathu ali momwemo."

Minibasi inaliza hutala panja. Mwana wawo, amene chichitikire ngozi ija ankakana kukwera galimoto iliyonse, anaima pakhomo n'kuwayang'anitsitsa bambo ake m'maso. Kenako anatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala pambali pawo.