Botolo la Yisiti pa Bokosi la Mbande

Kamunda kakuseri kwa nyumba kanali mamita sikisi mulitali, anayi mulifupi, ndipo anthu awiri ankakafuna. Anesi, omwe adapuma ntchito yachipatala chaka chathachi, ankafuna kubzalapo tomato. Mlamu wawo, mchemwali wa amuna awo, yemwe aliyense ankamutchula kuti a Mabanzi chifukwa cha malonda ake, ankafuna kumangapo uvuni wamkulu.

Dothi la pamenepo linali ndi matenda ofotetsa. Tomato ankakula bwino mpaka kuchita maluwa, kenaka nkugwa tsiku limodzi ngati wathiridwa madzi otentha. Anesi adaphunzira kumezanitsa: kudula nsonga ya tomato ndi lezala nkuilumikiza pa tsinde la biringanya la mtundu wopirira matendawo. Ulendo woyamba zidagwira mbande zisanu ndi ziwiri mwa makumi anayi. Wachiwiri, khumi ndi imodzi. Pamenepo adapangana ndi a Mabanzi pamaso pa amuna awo kuti ulendo wachitatu ukhala womaliza: pofika pa 15 Ogasiti, zikagwira zosakwana makumi atatu, malowo ndi a uvuni.

Adamezanitsa mbande makumi anayi Lolemba pa 4 Ogasiti. Lezala adaipukuta ndi sipiliti pa mbande iliyonse, chilonda chilichonse adachiveka kachidutswa ka paipi ya dilipi. Mbandezo adaziika m'bokosi la pulasitiki loonekera mkati, nalitseka kuti chinyezi chisathawe, nalifunditsa bulangete masiku awiri.

Vuto ankalidziwa pomwe lidali. Bokosi likaona kuwala, masamba amamaliza msanga mpweya wa kaboni dayokisaidi womwe amapangira chakudya. Ukatsegula kuti ulowe wina, chinyezi chimatuluka, nsonga nkuwerama. Ulendo uno adakonza botolo la malita awiri la madzi, shuga ndi yisiti. Paipi ya dilipi yatsopano idachoka pachivindikiro chake, nkudutsa m'kabotolo ka madzi oyera, nkukalowa m'bokosi. Yisiti akamadya shuga amatulutsa mpweyawo, ndipo timathovu m'kabotolo tikadasonyeza kuti ukuyenda.

Lachitatu adachotsa bulangete, nasendeza bokosi pafupi ndi windo. M'kabotolo mudangoti zii. Adataya, nasakaniza china. Lachinayi m'mawa munali chimodzimodzi, ndipo masamba ena adayamba kuyezuka.

Nthawi ya teni koloko a Mabanzi adalowa atanyamula tepi yoyezera ya amisiri.

"Odwala ali bwanji kuwodi kuno, alamu?"

"Ali bwino. Tepiyo mwafulumira nayo, kwatsala masiku asanu ndi atatu."

"Ndikungoiyendetsa, izolowere malo." Adanunkhiza m'mwamba. "Nanga botololi? Mwayamba kufulula mowa ukalamba uno?"

Anesi adafotokoza mwachidule, mosafuna. A Mabanzi adanyamula botolo, naligwedeza, naliyang'ana kunsi komwe yisiti adadikha ngati matope.

"Yisitiyu mwamutenga kuti?"

"M'kabati mwanu. Mwina ndi wakale."

"Wakale? Yemweyu wafufumitsa mabanzi mazana awiri lero m'mawa! Musamunamizire. Madzi munathira otani?"

"Owiritsa, nanga nkuthira otani? Botolo ndinalitsuka ndi owira, madzinso ndinawiritsa mphindi khumi, ndinathira asanazizire kuti tizilombo tisapeze mpata."

A Mabanzi adakhala pansi pa mpando, kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya epuloni.

"Mayo ine! Zaka makumi atatu mukupha tizilombo, lero mwapha ndi kothandiza komwe. Alamu, yisiti ndi wamoyo. Mwamuphika kawiri konse."

Anesi ankadziwa bwino lomwe kuti yisiti ndi wamoyo, zidali m'mabuku a chaka choyamba cha maphunziro awo achipatala. Koma manja awo sadathirepo chinthu m'chiwiya asanachiwiritse, ndipo manjawo sadafunse mutu.

A Mabanzi adayang'ana tepi ili pamiyendo pawo, nayang'ana bokosi. Kenaka adaika tepi pansi.

"Bweretsani ketulo ndi madzi ozizira. Ine uvuni ndiufuna, koma sindingaupeze chifukwa choti munthu wazunza yisiti wanga ine ndikuona."

A Mabanzi adasakaniza madziwo m'jagi, naviika chigongono, nawonjezera ozizira pang'ono. Anesi adapisamo choyezera kutentha.

"Madigiri 37."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Munthu wabwinobwino."

"Mwaona? Chigongono changa chidapita kusukulu."

Adathira kapu imodzi ya shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya yisiti, nasiya mpata pamwamba kuti thovu lisakwere m'paipi. Nthawi idali 10:25. Kathovu koyamba kadatuluka m'kabotolo 11:10. Anesi adavula wotchi, naigwira pafupi, nayamba kuwerenga monga ankawerengera madontho a dilipi. Pofika masana tinali khumi ndi tiwiri pa mphindi.

Dzuwa litapendeka Anesi adagwira kotsekera paipi, poti masamba sagwiritsa ntchito mpweyawo mumdima.

"Musatseke!" adakuwa a Mabanzi ali pakhomo. "Liphulika botololo, mudzakolopa denga. Ingozulani paipi m'bokosimo."

Adazula, natseka kabowo ndi pulasitala.

Kuyambira pa 8 Ogasiti Anesi ankalumikiza paipi seveni koloko m'mawa, nkuizula faifi koloko. Pa 10 timathovu tidatsika kufika tinayi, adasakaniza botolo lina okha, ndi chigongono chawo chomwe. Pa 11 adatsegula chivindikiro cha bokosi mpata wa chala chimodzi, mawa lake zala zitatu. Pa 13 adachichotseratu. Mbande zina zidagwa, adazizula nkulemba nambala zake m'kope. Zotsalazo zidaima, ndipo tsinde litanenepa timapaipi ta pachilonda tidayamba kudzikankha tokha.

Lachisanu pa 15 Anesi adatulutsa bokosi pakhonde. Amuna awo adati iwo ndi mboni chabe, asafunsidwe kanthu. A Mabanzi ndiwo adawerenga, akugwedeza mbande iliyonse ndi chala kuti aone ngati mutu ugwe. Pa ya nambala 22 adakayika.

"Iyi yapendama."

"Yapendama koma yatulutsa tsamba latsopano. Onani apa."

Adapitiriza. Atadutsa makumi atatu mawu adatsika, koma sadasiye mpaka kumapeto.

"Makumi atatu ndi zitatu."

Anesi adalemba nambalayo m'kope, naika tsiku, natseka. Sadamwetulire kwambiri, koma kopelo adalipatsira amuna awo kuti nawonso aone.

"Uvuni ndikamanga kumbali kwa khitchini," adatero a Mabanzi. "Utsi uzikalowa kuchipinda kwanu, musadzandidandaulire."

"Tidzatseka windo."

Madzulo ake onse awiri adali m'kamunda, wina akukumba mapando, wina akuika mbande. A Mabanzi adakwirira yoyamba mpaka m'khosi monga amabzalira tomato wamba. Anesi adagwada, nafukula dothi ndi zala mpaka chipsera cha pomezanitsa chidaonekera, zala ziwiri pamwamba pa nthaka.

"Chilondachi chisakhudze dothi, alamu. Tomato akatulutsa mizu yakeyake pamenepa, matenda alowa."

"Chabwino, a dokotala. Patseni ina."