Gomezgani ndi Ngodya Zinayi za Dziko

Gomezgani Nyirenda anafika pasukulu pathu ku Wimbe ndi sutikesi imodzi komanso chimpira chojambulidwa mapu a dziko lapansi. Sutikesiyo anangoiponya pakona, koma chimpiracho anachikulunga m'chitenje ngati khanda. Anali mphunzitsi wa jogalafe, kwawo kumpoto, kumalire ndi Mzimba. Ine ndine Elliot, ndimaphunzitsa Chichewa pasukulu pomwepo. Nyumba zathu zinkayang'anizana, ndipo tsoka la unkhoswe wake linagwera ine.

Tsiku lina mu Febuluwale mvula inamupeza panjira, iye n'kuthawira m'chigafa cha a Simeon, mlimi wa fodya amenenso anali mkulu wa kampingo kena m'mudzimo. Banja lonse linali pansi likusoka fodya. A Simeon okha ndiwo anali chiimire akuphunzitsa, poti mbali yawo pa ntchito ya fodya inali imeneyo.

"Malembo amanena za angelo oima pa ngodya zinayi za dziko," iwo ankatero. "Mpira uli ndi ngodya? Tasuzumirani panjapo. Kuchokera pano mpaka kuphiri la Kasungu, mukuona papindika?"

Munthu wanzeru akanangousa mvula mwakachetechete. Gomezgani anatsokomola.

"Pepani adada, koma m'Malembo momwemo mneneri wina akuti Mulungu amakhala pamwamba pa dziko lozungulira."

"Lichero nalo n'lozungulira," a Simeon anayankha. "Ndiye lasanduka dzungu?"

Anakangana mpaka mvula inakata, wina atagwira ngodya zake, wina mpira wake. Pakati pa mkanganowo mwana wamkazi wa a Simeon, Dailes, anaphulika kuseka, singano ili m'manja. Gomezgani anabwera kunyumba atanyowa theka, akumwetulira ngati watola chikwama.

Chaka chisanathe anali atapereka chikole, chitenje chobiriwira chimene anakagula yekha kuboma. Mnyamatayo ankamukonda Dailes zenizeni, zomvetsa chisoni. Koma mawu anabwera kuchokera kwa a Simeon akuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wozunguza dziko la Mulungu. Gomezgani anasiya kudya.

"Achimwene, musaonde ndi zachabe," ndinamuuza. "Kuno kwathu bambo salamula ukwati. Mwini mbumba ndi malume a mtsikana, a Grey, kutsidya kwa dambo uko. A Simeon ndi ndevu zawo zonse zija ndi mkamwini pamudzi paja."

"Yayi," iye anakana. "Mwana ndi wa adada ake. Kwathu malume timangowaitana kudzadya nyama."

Dailes naye anamuuza kuti za bambo azisiye, atumize anthu kwa amalume. Gomezgani anayesa kuti ndi manyazi a chitsikana. Munthu amene ankadziwa malire a mayiko onse sanadziwe kuti wadumpha malire a kwawo.

Anayamba kupita kwa a Simeon Loweruka lililonse, kope m'manja. Patatha mwezi ndinamva kuti Lamulungu akapereka umboni. Ndinapita, osati kukapemphera, ndivomere, koma kukaona ndi maso anga.

Zimene ndinaona zimandipsetsabe mtima. Gomezgani anali mphunzitsi wabwino, ndipo tsiku limenelo anaphunzitsa dziko lathyathyathya bwino kuposa mmene a Simeon analiphunzitsira zaka makumi atatu. Ngodya zinayi anazijambula pakhoma ndi choko chakusukulu. Anawonjeza ndi zake zomwe: akuti mdyerekezi akanawaonetsa bwanji Ambuye maufumu onse ali paphiri limodzi, dziko likanakhala mpira? A Simeon anagwedeza mutu, zimenezo anali asanaziganizepo. Amayi anaimba nthungululu. Dailes anali pamzere wachitatu, maso ali pansi, akupotokola nsonga ya mpango wake.

Mawa lake Lolemba, Gomezgani yemweyo analowa m'kalasi atanyamula chimpira chake, poti mayeso a boma sadziwa za chikondi.

"Nkhani yatha," anandiuza monyadira. "Adada avomera. Tsopano kamalizeni mwambo wanu kwa amalumewo."

Ndinapita. A Grey anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati akufuna kumuona mwini wakeyo ndi maso. Tinabwerera Loweruka tili awiri. Tinawapeza pakhonde akusankha fodya wouma, tsamba lililonse kulitambasula, kuliyang'ana uku ndi uku, n'kuliika pamulu wake. Anali munthu wamfupi, wosathamangira kulankhula. A Simeon anabwera osaitanidwa, kudzaperekeza nkhosa yawo, ndipo anapatsidwa kampando chapambali.

Malonje atatha, a Grey anafunsa osadzutsa mutu.

"Aphunzitsi, ndamva mbiri yanu. Tandiuzani, dzikoli n'lotani?"

Gomezgani anayang'ana a Simeon. Anayang'ana a Grey, kufuna kuwerenga pankhope pawo yankho limene ankalifuna, koma pankhopepo panalibe cholembedwa. Anandiyang'ana ine, ine n'kuyang'ana nsapato zanga.

"Zimatengera mmene munthu wawerengera Malembo," anatero ndi mawu aang'ono.

Mumtima ndinati basi, mapanga awiri avumbwitsa.

"Ine sindikudziwa kuti n'lotani," a Grey anatero. "Sindinalizungulirepo, ndipo kumphepete kwake sindinafikeko. Fodya wanga amakula osafunsa. Mukanati mpira, ndikanati chabwino. Mukanati lichero, ndikanati chabwino. Koma ndamva kuti Lamulungu limakhala lichero, Lolemba mpira, ndipo lero Loweruka zikutengera. Nanga tsiku limene mwana wathu adzakufunseni chinthu choopsa kuyankha, lidzakhala lachingati?"

A Simeon anadzuka pakampando paja. "Alamu, mnyamatayu watembenuka mtima. Ine monga bambo wa mwana ndavomera kale."

"Alamu, khalani pansi. Zakumwamba ndinakusiyirani, sindinakulandeni ngodya ndi imodzi yomwe. Za mbumba n'zanga."

A Simeon anakhala pansi. Ndinaona Gomezgani akutsegula pakamwa pang'ono. Zimene ndinamuuza miyezi iwiri yapitayo zinali zitangomufika kumene.

"Komabe wokwatiwa sindine," a Grey anapitiriza. "Dailes! Tabwera kuno, mwini wake."

Dailes, amene anali atafikiratu kwa amalume akewo, anatuluka m'nyumba, nagwada chapatali. M'manja anali ndi chitenje chobiriwira chija, chopindidwa bwinobwino, chosavalidwapo. Anachiika pansi, patsogolo panga, monga nkhoswe.

"Amalume, ndilankhule?"

"Lankhula."

"Chibadwire changa sindinaonepo munthu akuwayankha bambo. Amayi amangoti inde, ife timangoti inde, mpingo wonse inde. Tsiku la mvula lija kunalowa munthu wonyowa m'chigafa n'kunena kuti ayi, mwaulemu, osanjenjemera. Ndinapita kukagona ndikuseka. Ndinati ndikakwatiwa ndi ameneyu, m'nyumba mwanga muzidzanenedwa zoona." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Wa inde wina sindikumufuna, amalume. Kwathu alipo okwanira."

"Dailes, ndinachitira iwe," Gomezgani anatero.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake zikundiwawa."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. A Grey anatola tsamba lina la fodya, nalitambasula. Ine ndinatola chitenje, poti ntchito ya nkhoswe ndi imeneyo: ukapita ndi katundu n'kukanidwa, umabwera naye.

A Simeon anatiperekeza mpaka padambo. Anali okhudzidwa ndithu, sindingawanamizire. M'zaka makumi atatu za ulaliki wawo, munthu wasukulu amene anamutembenuza anali mmodzi yekhayu. Anamugwira paphewa mwachikondi.

"Musalire, aphunzitsi. Mkazi mwataya, koma choonadi mwatsala nacho. Mawa mudzabwerezenso ija ya paphiri, anthu anaikonda."

Gomezgani anangotembenuka n'kuuyamba ulendo. Tinawoloka dambo, iye patsogolo, ine pambuyo ndi chitenje kukhwapa. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo ndinkafunitsitsa titafika pokhota kapena kuseri kwa kachitunda kuti mnzangayo alire bwino, anthu osamuona. Koma dziko la kwathu kuno mukulidziwa mmene linayalidwira. Anthu a m'zigafa zonse anationerera mpaka tinakalowa pageti pa sukulu.