Galasi la a Silvester

"Fufuta! Ndati fufuta msanga!" anakuwa azakhali a Sheila, akuloza kamera ngati aona njoka.

Linali tsiku lometa, patapita masiku atatu chiikire m'manda a Silvester, wojambula zithunzi wa pa Nsipe. Abale onse anali ndi mipala, ndipo Dyton, mwana wa malemuyo, anati awajambule asanabalalike. Anajambulira galasi latsopano la kamera limene anabwera nalo kuchokera ku Lilongwe. Koma galasilo linalibe ulemu. Linaonetsa mabala a lezala, zipsera za paubwana, makwinya, ngakhale ntchentche imene inatera pa khutu la atsibweni a Cosmas.

"Gogo ameneyu ndi ine?" anafunsa azakhaliwo. "Achimwene anandijambula pa Khirisimasi pomwepa, ndinatuluka ngati namwali!"

"Kamera sinama, azakhali."

"Ya bambo ako inali ndi mwambo. Yakoyi ndi yamwano. Ukapita nayo ku ukwati wa ku Kasinje Loweruka, ndiuza amayi onse abise nkhope."

Ukwatiwo analonjeza kukaujambula ndi bambo ake a Dyton, ndipo ndi umene ukanaonetsa ngati ntchito ya malemuyo yatsala m'manja mwa mwana kapena yapita nawo kumanda. Azakhali a Sheila akalankhula, nkhani inkafika ku Lizulu basi isanafike.

Za magalasi, Dyton ndi bambo ake anakangana zaka zambiri. A Silvester atagula kamera yamakono, anachotsa galasi lake n'kumangirirapo lakale la m'nthawi ya filimu. Silinkakwana, choncho analilumikiza ndi kachidutswa ka paipi ndi mphira ya njinga. Dyton ankachita nazo manyazi. Akawauza kuti asinthe, iwo ankangoti, "Lakolo limaona kwambiri, ngati apongozi."

Tsopano, mwamanyazi omwewo, Dyton anakatola galasi lakale lija m'katoni ya zotaya mmene analiponya dzulo lake. Analimanga ndi mphira ija, n'kupempha azakhali akhalenso pa mpando pansi pa mtengo wa pichesi. Anajambula. Makwinya onse analipo, palibe limene linapita kutchuthi.

"Ndiye kuti vuto si galasi, ndi iweyo," anatero azakhali.

Atsibweni a Cosmas anati mwina malemuyo anali ndi kamankhwala kake, ndipo anayamba kununkhiza chikwama cha kamera. Dyton anakhala pakhonde manja ali m'mutu. Apa m'pamene anawasowa bambo ake koposa tsiku la maliro. Zaka zonsezo anatha akuwaphunzitsa, osawafunsa kanthu n'kamodzi komwe.

Amayi ake, a Rute, anadzuka pamphasa.

"Bweretsa kuno."

Anaitembenuza kamera ija, n'kuyandikiza galasi kukamwa. "Haaa." Galasi lonse linachita nkhungu.

"Werenga mpaka katatu, kenako ujambule lisanaume."

Dyton anatero. Pa chithunzicho panatuluka mayi wa nkhope yosalala, mpala wake ukuwala mofewa. Azakhali anayang'ana nthawi yaitali, n'kukonza mpango wa paphewa.

"Eyaa. Ine ndi ameneyu. Ku Kasinje upita."

Dyton anakumbukira. Kuyambira ali mwana ankawaona bambo ake akuuzira galasi asanajambule, iye n'kumaganiza kuti akuchotsa fumbi. Ankawaseka kuti amaiwala kupukuta.

"Ankatero kwa aliyense, amayi?" anafunsa motsitsa mawu, azakhali atachokapo.

"Kwa aliyense amene moyo unamukanda. Ankati munthu wabwera atasamba, wavala zake zabwino, usamubwezere mavuto ake papepala. Azakhali akowa ankawauzira kawiri."

Dyton anaseka, misozi ili m'maso. Anamangitsa mphira ija, n'kuloza mpando.

"Khalani apo nanunso, amayi. Ndiuzire kangati?"

A Rute anamulanda kamerayo. Anatenga nsonga ya chitenje chawo chakuda, napukuta galasilo pang'onopang'ono mpaka linayera mbee.

"Ine ankandipukutira chonchi," anatero. "Ankati pa ine safuna kuphonya kanthu."

Anakhala pa mpando paja, nawongola msana, nayang'ana m'galasi.