Mpeni Wakuda wa a Harlan

Moni kwa inu amene mwakhala pansi kuti muwerenge. Ndiyamika Ambuye amene watisunga kufikira lero, natipatsa manja ogwirira ntchito, ngakhale manja enawo amasowetsa mtendere pakhomo. Ndikunena manja a amuna anga, a Harlan Pruitt.

Atapuma pantchito yowotcherera zitsulo, a Harlan anayamba kusula mipeni m'galaja. Ankatola masipuling'i a magalimoto akale, kuwaika m'ng'anjo, kuwamenya ndi nyundo, kenako kuwapukuta mpaka munthu kudziona nkhope. Chigwiriro ankachisema ku nyanga ya nswala. Mpeni ukatha ankaupereka kwa m'bale wa kumpingo, ndipo pempho lawo linali limodzi: "Mukaugwiritse ntchito, mudzandiuze pamene ndalakwitsa."

Palibe anawauza. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, a Harlan ankaima pakhomo ngati wopempha.

"M'bale Vester, mpeni uja bwanji?"

"Wokongola, achimwene! Mulungu anakudalitsani manja."

"Sindikufunsa za kukongola. Ukudula?"

"Ndi maonekedwe amene aja ungalephere kudula?"

Pobwerera kunyumba ankayendetsa galimoto atakwiya. Ine ndikayambitsa nyimbo ya kwaya kuti mtima wawo utsike, ankandidula. "Opal, anthuwa akundinyengerera ngati mwana wojambula galu wa miyendo isanu. Ndidziwa bwanji ngati ndikusula mipeni kapena zidole?"

Zinafika poipa tsiku limene tinakadya kwa a Vester Caudill. Mayi a pakhomopo ankalimbana ndi nyama yowotcha ndi kampeni kogula kusitolo, kobuntha ngati supuni. A Harlan atakweza maso anauona mpeni wawo uli m'kabati ya galasi, pakati pa mbale za ukwati ndi chithunzi cha zidzukulu.

"Vester! N'chiyani icho?"

"Ndi ulemu umenewo, achimwene. Ukhale pabwino."

"Mwauika m'manda uli moyo! Munadulirapo ngakhale anyezi?"

"Ndiukande ndi anyezi? Chinthu chonyezimira chonchija?"

Sabata imeneyo a Harlan anayendera onse amene anawapatsa mipeni. Wa abusa unali pakhoma la ofesi. Wa mlongo wanga unali wokulungidwa m'nsalu, m'dirowa ya masokosi. Anabwerako atakwiya kotero kuti pemphero la chakudya analithamangitsa ngati akuthawa mvula.

"Ndisiya," anatero. "Ng'anjoyo ndigulitsa. Munthu sangakule ndi kuwomberedwa m'manja kokhakokha."

"Bambo," ndinatero, "nanga mbale zanga zamaluwa zija, munadyerapo?"

"Mumatiletsa ndinu. Mumati n'za alendo."

"Nanga yakuda ija, yobenthuka m'mphepete?"

Anadzuka n'kupita ku galaja, chakudya chili pambale.

Mpeni umene anasula ulendo uno unali wochititsa manyazi. Sanaupukute. Anausiya wakuda ndi mwaye wa m'ng'anjo, zipsera za nyundo zili poyera. Chigwiriro anadula ku mpini wa fosholo yothyoka. Koma kunola anaunola ndi mtima wonse, mpaka unkameta ubweya wa pamkono.

Nyengo yosaka itafika, mpingo wathu unachita monga mwa chaka chilichonse: alenje amabweretsa nswala kuseri kwa tchalitchi, ife n'kudula nyamayo ndi kuikulunga kuti igawidwe kwa mabanja osowa. A Harlan anafika m'mawa, anaponya mpeni wakudawo patebulo pakati pa mipeni ina, osauza munthu. Kenako anakaima kumbali n'kumamata mapaketi, makutu ali tcheru.

Amene anautola anali a Vester omwewo.

"Wataya ndani chitsulo ichi? Chikukhala ngati achifukula kumunda."

Anthu anaseka. Ndinaona khosi la amuna anga likufiira.

A Vester anayamba kusenda chikopa. "Ee, koma chikudya! Tangoonani." Patapita nthawi mawu anasintha. "Koma anapanga chigwiriro ichi ndani? Ali ndi manja a chimbalangondo? Chikunditupitsa matuza."

Anaubwereka mayi Nadine Sizemore, amene amayimba nane m'kwaya. "Mafuta akangofikapo chikuterera ngati sopo. Ndatsala pang'ono kudzicheka. Palibenso chotchinga chala, mwiniwake amadana ndi zala za anthu?"

"Nsonga yakenso yatalika," anatero wina. "Iboola matumbo iyi."

Ubwerere kwa a Vester, unagunda fupa la mwendo ndipo tinamva kuti *the!* Anaukweza kudzuwa. "Wabenthuka. Anauumitsa mopitiriza. Wosula wake anali ndi changu chokadya."

Apa a Harlan analephera kupirira. Anaponya tepi pansi.

"Changu chokadya? Ndinakhala pa ng'anjo mpaka nsidze kupsa! Ndipo mpeni wosendera sadulira fupa, Vester, ngakhale mwana amadziwa!"

Onse anacheuka. A Vester anayang'ana mpeni, anayang'ana a Harlan.

"Ndi wanu uwu?"

"Ndi wanga!"

"Aa, achimwene, pepani. Kunena zoona ndi wokongo..."

"Mukangomaliza mawu amenewo, ndikulowetsani m'chopukusira nyama chili apocho!"

Abusa anaseka mpaka kugwira tebulo. Koma amuna anga sanaseke. Chimene anachipempha miyezi yonseyi anachilandira tsiku limodzi, muyeso wodzaza ndi wosefukira, pamaso pa mpingo wonse, ndipo chinawawa. Anakakhala m'galimoto. Nditawatsatira ndinawapeza akuyang'ana zikhatho zawo.

"Manja a chimbalangondo," anang'ung'udza. "Opal, ndinapempha choonadi, sindinapemphe kusendedwa ngati nswala."

"Mumafuna choonadi chothira shuga?"

"Pang'ono pokha pakanalakwika chiyani?"

Ntchito itatha, a Vester anabwera pawindo, mpeni uli m'manja, wamagazi ndi mafuta mpaka kuchigwiriro. A Harlan anatambasula dzanja kuti aulandire akautaye.

"Dikirani kaye," anatero a Vester. "Mukachepetse chigwirirochi, muike chotchinga chala, mukonze pobenthukapa. Loweruka ndiufuna. Kukubwera nswala zina."

"Muli nawo wanu m'kabati."

"Uja ndi wa alendo. Ndikufuna wonyansawu. Ndasenda nawo tsiku lonse osaunolanso, wogula uja sungatero."

"Ndiye bwanji osanena zimenezo poyamba?"

"Munafunsa zolakwika, achimwene."

A Harlan anaulanda mpeniwo, anauponya pansi pa mpando, n'kuliza galimoto. Njira yonse ankakangana ndi anthu amene sanali m'galimotomo. Nsonga sinatalike. Nadine sadziwa kugwira mpeni. Vester ndi wakupha zitsulo. Ine ndinangoyimba chamumtima.

Titafika sanalowe m'nyumba. Ndili kukhitchini ndinamva m'galaja tupa ikupala chigwiriro chija, ndi mawu awo akudandaulira Mlengi za anthu osayamika.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, adalitse ndi ntchito ya manja anu. Akupatseni abale okukondani kufikira pokuuzani zoona, ndipo tsiku limene adzakuuzeni, akupatseni chisomo chokwanira kuti mufike nacho kunyumba. Amen.