Kabatani ka pa Chiwongolero

Loweruka lililonse limene sindili pa ntchito ndimapita ku kabwalo ka ndege zing'onozing'ono kukakweza ana asukulu mwaulere. Anzanga amati ndasowa chochita. Asiyeni azinena. Ine ndinayamba ndi kutsuka matayala a ndege za eni, kenako kuyendetsa ndege za katundu zonunkha mafuta, mpaka lero ndikunyamula anthu a masuti. Munthu wina anandikwezako kamodzi ndili mnyamata, matenda n'kuyambira pomwepo.

Loweruka limenelo mtima unali m'mwamba, chifukwa pamzere panali mwana wa mlongo wanga. Kunyumba timamutcha Phee, poti amatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Anali atamaliza sekondale, ndipo sukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege inali itamupatsa malo. Chinatsala n'chilolezo cha mayi ake, amene anali atakana kwamtuwagalu.

"Achimwene, zimenezi ndi zanu," anatero mlongo wangayo ataima pakhomo la shedi yosungiramo ndege, chikwama atachikumbatira. "Mwanayu sanandiuzepo kuti akufuna. Mukungomukankha inu."

"Mufunseni nokha."

"Ndinamufunsa. Anangoyang'ana pansi."

Zinandipsetsa mtima, koma ndinangolunjika ku ndege. Ndinamukhazika Phee pampando wa pambali panga, kumumanga lamba, kumuveka mahedifoni, injini n'kulira. Tinathamanga, matayala n'kusiya nthaka. Madenga a malata anayamba kuchepa pansi pathu, dzuwa likuwala pa iwo.

"Gwira chiwongolero," ndinamuuza titakwera bwino. "Ndege ndi yako."

Anachigwira ndi manja onse ngati pali wina akufuna kumulanda.

"Khotera kumanzere pang'ono."

Phiko linapendekeka, ndege n'kutembenuka mwaulemu. Abale, mwana uja anaphulika.

"Amalume, yandimvera! Ikupita kumene ndikufuna ine!" Anaseka mpaka misozi. "Ine sinditsika muno. Amayi ndimaopa kuwauza, ndikangotchula ndege nkhope imagwa, ndiye ndimangokhala chete kuti asalire. Koma ndikufuna zimenezi, amalume. Ndikuzifuna mpaka m'mafupa."

Ndinasangalala ngati ndine ndakwera koyamba. Kenako ndinaona chala chake chachikulu. Pa chiwongolero pali kabatani ka wailesi. Ukakadina, zonse zimene ukunena zimamveka ku nsanja ya woyang'anira bwalo, m'ndege zina, ndi pa sipikala ya m'shedi pamene makolo amadikirira ana awo. Phee anali atakafinya nthawi yonseyo.

"Chotsa chala pamenepo, mwana iwe."

Atangochotsa, mawu a woyang'anira bwalo analowa m'makutu mwathu, akulimbana ndi phwete. "Akaputeni atsopano, tamva tonse. Tsopano tibwerekeniko wailesi, ena akufuna kutera."

Phee anagwira pakamwa. "Amayi amva?"

"Wamva ndi makaniko yemwe, mutu uli m'injini."

Tinabwerera n'kutera. Nditazimitsa injini ndinaona mlongo wanga akubwera mwandawala, makaniko akumuthamangira kumbuyo kuti asayandikire ndege zina. Maso anali ofiira. Ine ndinakonzeka kulandira zanga, koma sanandiyang'ane n'komwe. Anapita ku chitseko cha mwana wake.

"Iwe, mawu onse aja umawasunga kuti?"

Phee anaweramitsa mutu.

"Ayi, dzutsa mutu. Anthu achilendo amva, ine mayi ako ndamvera pa sipikala ngati mlendo. Nenanso pano, ndimve ndi makutu anga."

Mwana uja anavula mahedifoni. Anawayang'ana mayi ake m'maso.

"Ndikufuna kuyendetsa ndege, amayi."

Mlongo wanga anapuma mozama, n'kumumasula lamba yekha.

"Ndiye upite," anatero. "Ine ndizilira ndithu, ndipo usandiletse. Koma iwe upite."