Njinga Yomvera Munthu Mmodzi

A Telala anali ndi ana anayi, koma akazi awo ankati ndi asanu, poti njinga yamoto ija inkagona m'nyumba, inkasambitsidwa Loweruka lililonse, ndipo ikangotsokomola pang'ono mwamuna wawo sankadya bwino. Inali njinga yaing'ono, yofiira kalekale, yofwifwa pathanki pamene pamakhuza mawondo. Inawatengera ku shopu zaka zambirimbiri, inanyamula nsalu, inanyamula ana opita kusukulu mmodzimmodzi. Anawo anakula n'kumwazikana, pakhomo n'kutsala Mzime yekha.

Kenaka maso a Telala anayamba kuchita nkhungu. Adokotala anati m'tinjira ta pafupi ndi nyumba akhoza kuyendetsa, koma zokalimbirana msewu ndi mabasi aiwale. Makina osokera anasamukira pakhonde. Nyengo yomweyo Mzime anapeza ntchito mu famase, sitolo ya mankhwala ya kutsidya lina la tauni, koti ukadalira basi umasintha panjira n'kukafika anzako atasesa kale. Azakhali ake, amene ankakhala pafupi ndi famaseyo, anatumiza mawu kuti chipinda chilipo, mwana abwere azikhala nawo.

Mawu amenewo anawabaya a Telala. Nyumba inali itakula kale chichokereni ana enawo, ndipo munthu yekhayo amene ankawaseka akamafunafuna magalasi ali pamphumi anali Mzime.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, bambo," anatero akazi awo, ngakhale nawonso mawu ankatuluka mokakamiza.

"Akule, sindikukana. Koma aziyendera njinga yangayi, madzulo azibwera kwawo."

Amayi anaika pansi mbale imene ankapukuta. Njinga imeneyi ngakhale mwana wawo woyamba sanaloledwe kuigwira chiwongolero.

Maphunziro ankachitikira pabwalo la mpira. A Telala ankayendetsa okha mpaka kumeneko, mwana ali kumbuyo, n'kutsika injini ikulira kuti Mzime asunthire kutsogolo. Mtsikanayu anali ndi mutu. Kusintha magiya anakudziwa msanga, pokhota sankanjenjemera, ndipo laisensi anaitenga osabwereza mayeso. A Telala ankauza aliyense wobwera kudzayeza thalauzi, kaya wafunsa kaya sanafunse.

Vuto linayamba tsiku limene Mzime anati anyamuke yekha kuchokera pakhomo, akaone njira ya kuntchito lisanafike Lolemba loyamba ntchito. Anaponda kiki, njinga inalira bwinobwino, anabayibitsa. A Telala asanabwerere n'komwe pa makina anamuona akubwera akuikankha, chisoti chili pachigongono, thukuta lili kamukamu.

"Yazima pakona ya bekale, bambo. Yangoti bubu bubu, zii. Ndaponda mpaka mwendo kuwawa."

A Telala anakwera, anaponda kangapo, njinga inalira ngati palibe chachitika. Anazungulira nayo mpaka kubekale, kupitirira, kubwerako, n'kuiimika pamalo pake.

"Wasiya kilatchi mofulumira, mwanawe. Yesanso."

Anayesanso. Pakona pomwe paja, bubu bubu, zii.

Apa ndiye a Telala anavula tepi yoyezera m'khosi n'kuyala thumba pansi. Anamasula pulagi, anaiona kuti yada pang'ono, anaipala ndi kaburashi ka waya n'kuibwezera. Anatulutsa sefa ya mpweya n'kuigwedeza fumbi. Anayang'ana oyilo pakamtengo kake, anali wokwanira. Anatsegula thanki n'kuigwedeza khutu lili pafupi, petulo analimo wambiri. Anakwera, inayenda ngati yatsopano. Anampatsa Mzime, inakazima pakona. Mawa lake anagula pulagi ina, anapukuta mawaya a batire, anauzira kabowo ka pachitsekero cha thanki, zonse chimodzimodzi. Anthu a pabekale anafika pomuzolowera mtsikanayo, ndipo mayi wogulitsa buledi anayamba kumusungira mpando.

Atasowa chogwira, a Telala anaiyendetsa mpaka kwa mlamu wawo, makaniko wa kuseri kwa msika. Mlamuyo anailandira injini ikulira, anaimvetsera mutu uli chopendeka, anaikwera, anabwerako akupukusa mutu.

"Alamu, njingayi ili bwino kuposa inu. Kampopi ka petulo kaja mumatsegula?"

"Si ako kali pansi pa thanki, onani nokha. N'kotsegula. Ine sindikakhudza n'komwe kameneko."

Makaniko anawerama, anaona kuti n'kotseguladi. "Ndiye kuti ili ndi nsanje basi. Munailera ngati mkazi wachiwiri, lero mukudabwa kuti ikukana mwana wa mkazi wamkulu?"

A Telala anaseka nawo, koma chiseko chake chinathera m'mano. Lolemba linali litayandikira.

Loweruka masana njinga itazimanso, Mzime sanaikankhe mwachangu ngati kale. Anafika nayo pang'onopang'ono, anaitsamiritsa pakhoma, n'kuima patsogolo pa makina osokera.

"Bambo, ngati simukufuna kundipatsa njingayi, ingonenani. Sindikwiya. Ndi yanu."

"Ukuti chiyani?"

"Inu mukakwera imayenda, ine ndikakwera imazima. Tsiku lililonse. Chilipo chimene mumaichita. Ine ndatopa kusekedwa pabekale, ndingopita kwa azakhali."

Analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa kunamveka chikwama chachikulu chikukokedwa kuchokera pansi pa bedi. A Telala anasiya kusoka, phazi lili pachopondera cha makina osapondanso. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa padziko lonse panalibe munthu amene ankafuna njingayo imvere Mzime kuposa iwo. Koma akanayankha chiyani, poti zimene mwanayo ananena aliyense ankaziona ndi maso?

Akazi awo, amene sabata yonse anangoonerera ali pawindo la kukhitchini, anatuluka akupukuta m'manja.

"Bambo, takwerani njingayi ndione."

"Mayi, ino si nthawi yocheza."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nonse mwakhala mukuyang'ana njinga, palibe wayang'ana inu. Mzime! Tatuluka, bwera uime apa."

Mzime anatuluka nkhope ili ndwii. A Telala anakwera mokwiya, anaponda, injini inalira.

"Zungulirani mpaka pageti, mudzaiimike monga mwa masiku onse."

Anazungulira, anabwera, anazimitsa, anatsitsa choimikira, anatsika.

"Imani pompo! Dzanja lanu lamanzere lili pati?"

A Telala anayang'ana pansi. Dzanja lawo linali pansi pa thanki, zala zitagwira kampopi ka petulo, katapotokola kale kukhala chopingasa. Analiyang'ana dzanjalo ngati ndi la munthu wina.

"Pokwera linapitanso pomwepo," anatero amayi. "Mwendo usanafike pa kiki, ilo latsegula kale. Mumatseka potsika, mumatsegula pokwera, mwini wake simukudziwa."

"Ine?"

"Inu nomwe. Mwaiwala kodi? Uyu akukwawa, njingayi inkadontha petulo pabalaza. Tsiku lina tinamupeza akuseweretsa manja m'mafutamo, mtima wanu unachita kuima. Kuyambira tsiku limenelo simunaisiyepo chitsegukire. Kudonthako munakonza kalekale, koma dzanja silinauzidwe."

Zonse zinamveka nthawi imodzi. Mzime ankanyamuka kampopi kali kotseka, njinga n'kumayendera tipetulo totsalira m'kabuleta, ndipo timeneto tinkathera ndendende pakona ya bekale. Ku bwalo la mpira ankailandira ikulira, kwa makaniko anaiyendetsa ndi eni ake n'kuipereka osaizimitsa. A Telala anamuphunzitsa mwana wawo zonse zimene mutu wawo unkadziwa, n'kusiya chimodzi chokha chimene chinkadziwa ndi dzanja.

Woyamba kuseka anali amayi, mpaka kugwira khoma. Mzime anayesa kulimba, milomo inamukanika, anaphulika naye misozi ili m'maso.

"Ndiye kuti sabata yonseyi ndakankha njinga chifukwa ndinkakwawa?"

"Pulagi yatsopano ija bwanji, bambo?" anafunsa amayi. "Tiisunge ya mdzukulu?"

A Telala anagwira dzanja la mwana wawo, analitsogolera pansi pa thanki, n'kumugwiritsa kampopiko.

"Kakaloza pansi, petulo akuyenda. Kakapingasa, watsekeka. Kakaloza m'mwamba ndi ka tsiku limene waiwala kuthira, kakufikitsa pomwetsera mafuta. Ndikhululukire, mwana wanga."

"Inunso mundikhululukire, bambo. Ndinayankhula zopusa."

"Unayankhula zimene unaona. Pita, kayese."

Mzime anapotokola, anaponda, ananyamuka. A Telala anaima pageti akumvetsera, poti maso sakanawafikitsa kutali. Phokoso la injini linafika pakona, linatsika pang'ono posintha giya, mtima wawo unatsika nalo, kenaka linakweranso n'kumapita mpaka kusowa. Madzulo ake chikwama chinabwerera pansi pa bedi.

Lolemba a Telala sanasoke chaphindu. Msoko umodzi anauphwasula kawiri, ndipo njinga iliyonse yodutsa mumsewu inkawadzutsa pampando. Dzuwa litapendeka anamva kulira kumene akanakuzindikira pakati pa njinga zonse za m'tauni. Mzime analowa pageti, anaikankhira m'nyumba pamalo pake, n'kuthamangira kukhitchini kukafotokozera mayi ake za kuntchito, mawu akuthamangitsana.

A Telala anadikira kuti pakhale bata, n'kupita mwakachetechete pamene panali njinga. Ulendo uno ankadziwa chimene akukachita. Anawerama, anapisa dzanja pansi pa thanki, n'kupeza kampopi katatsekedwa kale.

Anakhala choweramira. Anakondwa, inde anakondwa ndithu, koma chinawatsina mumtima chimene sanachiyembekezere. Mwana anali pakhomo monga ankafunira, njinga inali bwino, ndipo pa zonsezi panalibenso choti iwo achite. Anaweramuka pang'onopang'ono, osadziwa kuti Mzime waima pakhomo la kukhitchini akuwayang'ana.

"Bambo," anatero mtsikanayo, "pobwera ndimamva ngati tcheni chamasuka. Ine sindidziwa kuona kwake. Mungandionere?"

A Telala anagwada, anakankha tchenicho ndi chala m'mwamba ndi pansi. Chinali bwino, sichinkafuna kalikonse. Anatembenuka kuyang'ana mwana wawo, mwanayo n'kuyang'ana kudenga.

"Chamasukadi," anatero a Telala. "Wachita bwino kunena. Tenga sipanala m'kabati, ubwere ndi thumba loyala, ukhale apa pafupi ndi ine."