Anatisinthira Mbuzi

Chikwatire Esnath, Sailas anali asanayankhulidwepo ndi apongozi ake maso ndi maso. Mayiwo akabwera ku Kabwe kuchokera kwawo ku Petauke, mawu onse ankadzera mwa mwana wawo. "Esnath, uwauze akuno kuti chitseko chilira." Akunowo ali chilili pomwepo, moti akanatha kumva ngakhale kunong'ona. Ndi ulemu wa pachipongozi, inde, koma ulemu wina umazizira. Sailas anakula wopanda mayi, ndipo mumtima ankalakalaka tsiku limene mayi awa adzamuitane ndi dzina.

Chaka chatha panaoneka kamng'alu pa khoma la ulemulo. Ana anaika filimu yoseketsa imene Sailas anabweretsa, ya amalume akumudzi amene anafika m'tauni ndi mbuzi yawo yakuda yothyoka nyanga, n'kumaigoneka m'bafa. Apongozi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Sailas anamva zonsezi ali pakhonde, poti mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi. M'mawa mwake uthenga unadza kudzera mwa Esnath, wakuti akuno anasankha bwino. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anayenda sabata yonse akuimba mluzu.

Ndiye atamva kuti gawo lachiwiri latuluka, anapalasa njinga kuchokera ku Chililalila mpaka ku Makululu, kwa Maybin woika mafilimu pa fulashi.

"Ba Sailas, iyi ni moto," anatero Maybin. "Muzaseka mpaka nthiti kuwawa."

Sailas sanaionere n'komwe, ati kuopa kuichotsa kukoma. Koma kuitama kokha anaitama, kunyumba, kuntchito, ngakhale pabwalo la tchalitchi cha Reformed. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Apongozi atafika, Lamlungu masana magetsi anachita chifundo. M'nyumba munadzaza: Esnath, ana, ndi Annie woyandikana nawo nyumba, amene fungo la zaulere salilakwitsa. Sailas anayatsa TV, anawerama, n'kutuluka. Anakhala pa ndowa yovundikira pansi pa zenera, chubu cha njinga m'manja ngati akumata, chonsecho chubucho chinalibe bowo. Makutu onse anali m'nyumba.

Kuseka kunamveka, koma kunali kwa m'filimu momwemo, kuja amajambuliratu kuti kukukumbutseni poseka. Kwa anthu amoyo kunali zii. Sailas anasuzumira pakona ya katani. Banja la m'filimumo linali litalemera, likukhala m'chinyumba chokhala ndi dziwe losambiramo. Amalume anali munthu wina, wonenepa, wovala suti, ndipo nthabwala yake inali kugwera m'dziwemo. Anagweramo, anatuluka, anagweramonso.

Woyamba kuthawa anali Annie, amene anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya nyemba pamoto. Ana anatsatira mmodzimmodzi.

"Adadi, yabowa," anatero Queen, mwana wake woyamba, osatsitsa ndi mawu omwe.

Kenaka anatuluka Esnath ndi chigubu, kupita kukatunga madzi amene m'nyumbamo anali odzaza kale. Anamuyang'ana mwamuna wake mwachisoni n'kudutsa. Sailas anaona kuti zake zada. Kamng'alu kaja anakamata yekha, ndi manja ake, ndipo anachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi pa ndowayo.

M'nyumba TV inaima. Panamveka patapata wa apongozi akuyandikira kukhomo.

"Esnath." Zii. "Queen." Zii.

Mayiwo anaima pakhomo, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna womutuma. Pabwalo panali nkhuku yokha. Nkhani inali itawafika pakhosi, ndipo nkhani yotero siyembekeza wobwera kumadzi.

"Imwe a Sailas."

Chubu chinagwa. Sailas anatembenuka kuona ngati kumbuyo kwake kuli Sailas wina.

"Ine, amama?"

"Nanga kuli wina? Bwerani muone zamene atichita aba banthu."

Analowa monyang'ama n'kunjuta pafupi ndi chitseko, maso pansi.

"Manje muzaona bwanji muli uko? Khalani apa." Anamenya pampando ndi chikhatho, kenaka analoza TV, pamene mbuzi yoyera inali itaima ndi riboni m'khosi. "Iyi ni mbuzi ija?"

"Awe, amama. Ija inali yakuda."

"Yakuda, yaikazi, nyanga imodzi yothyoka. Iyi ni tonde. Ationa monga tilibe maso? Munthu angasinthe, anenepa, avala suti. Koma mbuzi isanduka bwanji mwamuna?"

Sailas anayesa kudzigwira, koma phwete linamupulumuka. Apongozi anamuyang'ana mwaukali, milomo ikunjenjemera, mpaka nawonso anagonja. Kuseka kumene filimu inalephera kutulutsa kunabwera konse nthawi imodzi.

"Pepani, amama," anatero Sailas atapeza mpweya. "Ananinamiza wogulitsa."

"Sindimwe munaipanga. Yatsani tione kwamene izathera manyazi yake."

Anaionera mpaka kumapeto, akuidzudzula mokuthandizana. Amalume akayandikira dziwe, apongozi ankati, "Onani, agwanso," ndipo ankagwadi. Sailas anapeza kuti galimoto ya m'filimumo ikusintha mtundu pakati pa ulendo, mayiwo n'kumuyamikira kuti ali ndi diso. Esnath pobwera ndi chigubu chake anaima pakhomo kukamwa kuli yasa, madzi akumudonthera kumapazi.

Mayina a opanga filimu atayamba kukwera, apongozi anapukusa mutu n'kudzikonza duku.

"Mwana wanga, ukamva ati atulutsa yachitatu, usataye mphamvu." Anaganiza pang'ono. "Kapena bweretsa chabe. Tizainyoza tonse."

Sailas anangogwedeza mutu. Anapitiriza kuyang'ana mayina aja ngati akuwawerenga, pakuti m'maso munali mutalengeza misozi ndipo sanafune kuti mayi ake aone.